Kodi vuto la pambuyo pa opaleshoni yaikulu ya m'mimba timalitanthauzira bwanji, nanga timalizindikira liti?

Namwino wa ku Chibavi

Akuluakulu ndi anzanga a ntchito za chipatala, landirani moni wochokera kuno ku Mzuzu. Ndine namwino wa muwodi ya odwala ochitidwa opaleshoni, ndipo mwezi wathawu anandipatsa udindo wosunga kaundula wa mavuto amene amagwera odwala pambuyo pa opaleshoni yaikulu ya m'mimba, kuti tizikhala ndi poyambira pa msonkhano wathu wa mwezi ndi mwezi. Ndinkayesa kuti ndi ntchito ya cholembera ndi rula basi, koma sabata yoyamba isanathe ndinazindikira kuti eni akefe sitigwirizana pa chimene tikuchitcha vuto. Wodwala wina anatentha thupi kufika pa 38.2 m'mawa mwake atachitidwa opaleshoni, anamwa panado, kutenthako kunazilala. Mnzanga wina akuti alembedwe, wina akuti tikatero ndiye kuti tilemba wodi yonse. Mayi wina matumbo ake anachedwa kudzuka, moti mpweya anayamba kutulutsa pa tsiku lachisanu. Bambo wina anatuluka m'fiyeta ali ndi thumba la chimbudzi pamimba monga momwe madokotala anakonzera, koma abale ake akukhulupirira kuti opaleshoni inalakwika.

Chimene chikundisowetsa mtendere kwenikweni ndi nkhani ya zaka zapitazo, ndili pa chipatala china chimene sindichitchula. Tinali ndi bambo wachikulire amene matumbo ake aakulu anapotana, ndipo mbali yofayo anaidula n'kulumikiza nsonga zotsalazo. Pa tsiku lachisanu anatentha thupi, tinamubaya chala, kachipangizo koyezera malungo kanaonetsa mizere iwiri, tinamupatsa LA, ndipo tonse mitima inakhala pansi. Ine ndemwe, ndi dzanja langali, ndinalemba patchati pake kugunda kwa mtima 96, m'mawa mwake 108, madzulo ake 118, koma manambalawo sanandiuze kanthu chifukwa matenda tinali titawapatsa kale dzina. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri mimba inauma ngati thabwa, ndipo atamubwezera kufiyeta anapeza kuti msoko wa matumbo unamasuka, zam'matumbo zili mbwee m'mimba monse. Anachira patapita masabata ambiri, koma m'buku la wodi munangolembedwa mawu akuti malungo.

Mafunso anga ndi awiri. Kodi pali ndondomeko yovomerezeka yotanthauzira mavutowa ndi kuyeza kukula kwake? Nanga m'wodi ngati zathuzi, momwe si nthawi zonse pamene CT scan, makina ojambula m'kati mwa thupi, imapezeka pa ola limene mwaifunira, tingazindikire bwanji msanga kuti m'mimba mwayamba kuipa?

Dokotala wa opaleshoni, Katoto

A Sisita, funso lanu loyamba linavutitsanso madokotala a maiko ena kwa zaka zambiri, chifukwa chipatala chilichonse chinkalemba "vuto laling'ono" ndi "vuto lalikulu" monga chinafunira, ndipo zotsatira za zipatala ziwiri sizinkatheka kuziyerekeza. Ndondomeko imene ambiri timatsata lero ndi ya Clavien-Dindo, imene Daniel Dindo, Pierre-Alain Clavien ndi mnzawo wina a ku Zurich ku Switzerland anasindikiza mu 2004 ataiyesa pa odwala 6,336. Iwo anati vuto ndi kupatuka kulikonse pa njira imene wodwala amayenera kuyenda pochira, ndipo analisiyanitsa ndi zinthu zina ziwiri. China ndi chotsatira chimene opaleshoniyo imabwera nacho mwachibadwa, monga thumba la chimbudzi la bambo mwawatchulawo. Limenelo si vuto la m'kaundula wanu, ngakhale kuti ndi katundu wolemera kwa mwini wake, ndipo abale ayenera kukhazikidwa pansi n'kufotokozeredwa. China ndi kulephera kuchiza, monga pamene tatsegula mimba n'kupeza kuti khansa yafalikira moti sitingaichotse yonse.

Nzeru ya ndondomekoyi yagona poti kukula kwa vuto sikuyezedwa ndi maganizo a dokotala, amene mwachibadwa amafuna kuchepetsa zimene zachitikira wodwala wake, koma ndi chithandizo chimene vutolo linafuna. Gawo 1 ndi la vuto limene latha ndi mankhwala ochepetsa ululu, oletsa kusanza, otsitsa kutentha kwa thupi, okodzetsa, mchere wa m'diripi kapena mafizo, ndipo bala limene lachita mafinya n'kungotsegulidwa pabedi pomwepo limalowanso momwemu. Gawo 2 ndi la vuto limene lafuna mankhwala ena kupatula amenewa, monga maantibayotiki, kapena kuwonjezera magazi, kapena kudyetsa wodwala kudzera mumtsempha. Gawo 3 ndi pamene pafunika kulowanso m'thupi, ndipo limagawidwa pawiri: 3a ngati wodwala sanagonekedwe ndi mankhwala, 3b ngati anagonekedwa. Gawo 4 ndi la vuto loopseza moyo lofuna chipinda cha odwala mwakayakaya, 4a ngati chiwalo chimodzi chaleka kugwira ntchito, 4b ngati ndi zingapo. Gawo 5 ndi imfa.

Tikatero, bambo a zaka zapitazo aja anali a 3b, ndipo dzina la vuto lawo linali kumasuka kwa msoko wa matumbo. Malungowo, ngati analidi malungo, akanalembedwa pamzere wawo ngati gawo 2. Mayi wa matumbo ochedwa kudzukayo muyezeni ndi tanthauzo limene Vather ndi anzake a ku Auckland ku New Zealand anapereka mu 2013, lakuti kuchedwako kumakhala vuto ngati pa tsiku lachinayi kapena kupitirira apo pali zizindikiro ziwiri mwa zisanu izi: nseru kapena kusanza, kulephera kudya kwa maola 24, kusatulutsa mpweya kwa maola 24, kutupa kwa mimba, ndi umboni wa pa ekisire. Za kutentha thupi kwa tsiku loyamba, maganizo anga ndi akuti kutentha kwa kamodzi m'maola 48 oyambirira, kopanda gwero looneka, nthawi zambiri kumangokhala kuyankha kwa thupi pa kuchekedwa, choncho sindingakulembe. Koma chofunika ndi chakuti mugwirizane lamulo limodzi m'wodi mwanu, mulilembe pachikuto cha kaundula, ndipo lisamasinthe malinga ndi amene ali pa ntchito tsikulo.

Pa mafinya a pabala tsatirani tanthauzo la bungwe la CDC la ku America, limene limasiyanitsa matenda a pakhungu ndi mafuta a pansi pake, a mkati mwa minofu, ndi a m'kati mwa mimba mwenimweni, ndipo limawerenga masiku 30 kuchokera pa tsiku la opaleshoni, osati kulekezera pa tsiku lotuluka m'chipatala.

Clinical officer wopuma ntchito, Luwinga

Ndathokoza a Dokotala chifukwa cha kufotokoza kwawo komveka bwino, koma ndiloleni ndiikepo chenjezo la munthu amene wakalambira m'zipatala za m'maboma. Ndondomeko yoyeza vuto ndi chithandizo chimene chaperekedwa imaganiza kuti chithandizo chilichonse chilipo. Chithupsa cha mafinya cha m'kati mwa mimba ku Zurich amachipopa ndi singano akuyang'ana pa sikani, wodwala ali maso, n'kulemba 3a. Chithupsa chomwecho kuno kwathu kawirikawiri chimafuna kutsegulanso mimba, n'kukhala 3b. Choipa kwambiri ndi ichi: wodwala amene impso zake zaima, koma bedi la m'chipinda cha odwala mwakayakaya silinapezeke, angathe kuoneka papepala ngati wa gawo 2 chifukwa anangolandira mankhwala m'wodi, kenako n'kudumphira pa gawo 5. Choncho, a Sisita, musalembe nambala yokha. Lembani dzina la vutolo, tsiku limene linayamba kuoneka, tsiku limene linazindikiridwa, ndi chimene chinkafunika koma sichinapezeke. Mpata wa pakati pa masiku awiriwo ndi umene udzakuphunzitseni zambiri pa msonkhano wanu kuposa gawo lenilenilo.

Ndikhazikike pa funso lanu lachiwiri, chifukwa ndi limene limapulumutsa anthu. Mavuto a m'mimba ali ndi nyengo zake ngati mbewu za kumunda, ndipo wodziwa tsiku la opaleshoni amadziwiratu chimene ayenera kuchiopa. Tsiku loyamba ndi lachiwiri opani kutaya magazi m'kati: mtima umathamanga, zikhatho ndi m'maso mumayera, mkodzo umachepa, ndipo mwa achinyamata BP imatsika mochedwa, moti woidikirira kuti itsike amakhala wachedwa kale. M'masiku oyambirira omwewo mapapo amavutika chifukwa wodwala amaopa kupuma mozama ndi kutsokomola poopa ululu wa bala, ndipo chibayo chimapezerapo mpata. Kuyambira cha pa tsiku lachitatu kumbukirani katheta ndi malo a diripi. Bala limayamba kufiira, kutupa ndi kuchucha mafinya cha kumapeto kwa sabata yoyamba. Msoko wa matumbo umakonda kumasuka cha pakati pa tsiku lachinayi ndi lachisanu ndi chitatu, ngakhale kuti ungathe kutero msanga kapena mochedwerapo. Mafinya osonkhana m'kati mwa mimba amadzionetsa mochedwa, ndi kutentha thupi kokwera ndi kutsika. Akakhala m'munsi mwa mimba wodwala amatsegula m'mimba pafupipafupi, akakhala pansi pa nthiti amadandaula phewa. Mwendo umodzi ukatupa katumba, kapena wodwala akayamba kubanika mwadzidzidzi, ganizirani za magazi oundana mumtsempha.

Za msoko womasukawo ndinene mosapsatira, chifukwa ndi umene unanditayitsa odwala m'zaka zanga zoyamba. Sumayamba ndi mimba youma. Umayamba ndi munthu amene wangoleka kupita patsogolo: dzulo anamwa phala theka la kapu, lero walikana, dzulo anayenda yekha mpaka kubafa, lero akuti amugwire mkono, mtima uli pamwamba pa 100 ndipo sukutsika ngakhale mwamupatsa madzi ndi mankhwala a ululu, kupuma kwafupika, usiku walankhula zosamveka. Mimba youma ngati thabwa ndi uthenga womaliza. Ndipo malungo kuno ndi msampha waukulu, chifukwa kachipangizo kobaya chala kaja kangathe kuonetsabe mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atachira kale malungo, komanso palibe chimene chimaletsa munthu kukhala ndi malungo ndi msoko womasuka nthawi imodzi. Lamulo limene ndinkapatsa ophunzira anga linali lakuti munthu wolumikizidwa matumbo akaipa pambuyo pa tsiku lachitatu, perekani mankhwala a malungo ngati magazi atero, koma pitirizani kukayikira msoko kufikira wamkulu atamugwira mimba ndi manja ake.

Musadalirenso ekisire yokha, chifukwa mpweya umatsalira m'mimba kwa masiku angapo mimba ikatsegulidwa, choncho kuuona pansi pa nthiti sikutsimikiza kuti matumbo abooka. Ngakhale CT scan yeniyeniyo nthawi zina imaphonya msoko womasuka.

Mayi wa ku Mchengautuwa

Pepani akuluakulu kuti ndalowerera nkhani ya anthu a chipatala. Ine ndine mphunzitsi chabe, koma ndinakhalapo gadiyani wa amuna anga pamene chilonda cha m'mimba chinabooka n'kuchitidwa opaleshoni ya mwadzidzidzi, ndipo mawu a a Dokotala a masiku 30 andikhudza. Amuna anga ankafunitsitsa kubwerera kunyumba, moti madokotala akamazungulira m'mawa ankadzuka n'kukhala tsonga, n'kuyankha m'Chitumbuka chawo kuti "nili makora", kutanthauza kuti ndili bwino, koma iwo akangodutsa ankagwera papilo thukuta lili kamukamu. Anatitulutsa pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Patapita masiku awiri, usiku, anatsokomola kwambiri n'kunena kuti amva ngati chinachake chaduka m'kati. Nditayatsa tochi ndinapeza bandeji ndi chitenje chimene anafunda zanyowa ndi madzi ofiirira pang'ono, onga madzi otsukira nyama, opanda fungo ndiponso osakhala mafinya. Ndinaganiza zodikira kuti kuche, popeza sankamva ululu wambiri, koma mayi wina woyandikana nafe, amene anagwirapo ntchito ya unamwino, atangoona anati tisachotse bandejiyo, tiwagoneke chagada atapinda maondo, asadye kapena kumwa kanthu, ndipo tipeze galimoto nthawi yomweyo. Kuchipatala anatiuza kuti ulusi wa m'kati wogwira minofu unali utamasuka ndipo khungu lokha ndi limene linkatchinga matumbo. Anawasokanso usiku womwewo.

Funso langa kwa a Sisita ndi lakuti, kodi munthu ngati ameneyu amalowa m'kaundula wanu, popeza pa tsiku lotuluka analembedwa kuti ali bwino? Ndipemphenso kuti muzitiuza ife magadiyani zoyenera kuyang'ana. Ndife amene timatsuka beseni la masanzi, timadziwa ngati phala ladyedwa kapena tadya tokha, ndipo timaona chimene chadetsa nsalu usiku, koma palibe amene anandiuzapo kuti madzi ofiirira aja ndi chizindikiro choopsa.

Wogonetsa odwala m'fiyeta, Chibanja

Mayi a ku Mchengautuwa, amuna anu ayenera kulowa m'kaundula ndithu, ngati bala lophulika la gawo 3b ngati anawagoneka powasokanso, ndipo alembedwe pa opaleshoni yoyamba ija, osati ngati wodwala watsopano. Madzi munawaonawo ndi chizindikiro chodziwika bwino cha vutoli, ndipo mayi woyandikana nanuyo anachita zoyenera. Kafukufuku wa GlobalSurg wa mu 2018, wa odwala 12,539 ochitidwa opaleshoni ya njira ya chakudya m'maiko 66, anapeza kuti bala linagwidwa matenda mwa odwala 23 pa 100 alionse m'maiko osauka, poyerekeza ndi 9 pa 100 alionse m'maiko olemera, ndipo iwo anawerenga mpaka tsiku la 30. Kaundula wolekezera pachipata cha chipatala adzaonetsa manambala okongola amene si oona.

A Sisita, pa zimene bambo a ku Luwinga anena ndiwonjezerepo manambala amene namwino angagwiritse ntchito usiku popanda makina alionse, chifukwa kunena kuti "wodwala sakundisangalatsa" sikudzutsa munthu pabedi msanga ngati mmene nambala imachitira. Pa tanthauzo la mu 2016 la sepsis, pamene matenda a tizilombo ayamba kuononga ziwalo za m'thupi, panabwera kayezedwe kachidule kotchedwa qSOFA, ka zinthu zitatu: kupuma ka 22 kapena kupitirira pa mphindi imodzi, nambala yapamwamba ya BP ya 100 kapena kutsikirapo, ndi kusokonezeka mutu. Ziwiri zikapezeka mwa munthu woganiziridwa kuti ali ndi matenda m'thupi, moyo wake uli pachiswe. Sikayezedwe kotsimikiza matenda, ndipo wodwala angathe kukhala pangozi asanakwanitse ziwirizo, koma n'kothandiza poitana thandizo. Mwa zitatuzi, kupuma ndi kumene kumanyalanyazidwa kwambiri. Ndaona matchati ambiri olembedwa 20, 20, 20 kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, zimene zimangosonyeza kuti palibe anayang'ana wotchi. Werengani mphindi yathunthu, dzanja lili pamkono wa wodwala ngati mukumva mtima, kuti asasinthe kapumidwe podziwa kuti mukumuwerenga.

Chachiwiri ndi mkodzo. Malangizo a mu 2012 a KDIGO, bungwe la akatswiri a matenda a impso, amati impso zavulala ngati mkodzo uli wochepera theka la mililita pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa ola, kwa maola asanu ndi limodzi. Kwa munthu wa makilogalamu 60 ndiye kuti mamililita 30 pa ola, kapena 180 pa maola asanu ndi limodzi, mkodzo wosadzaza n'komwe botolo la Fanta. Gadiyani akakhuthula thumba la katheta mwaulemu wake asanakuuzeni, nambala imeneyi yatayika, choncho pempho la mayi aja lophunzitsa magadiyani lili ndi phindu lenileni. Kumene labu ingathe kuyeza CRP, chinthu cha m'magazi chimene chimakwera m'thupi mukakhala kutupa kapena matenda, yezani pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu mwa olumikizidwa matumbo aakulu: ikakhala pansi pa 150 kapena chapompo ndipo ikutsika, mwayi woti msoko wamasuka ndi wochepa, koma ikakwera sindiye kuti msoko wamasuka basi, ikungokuuzani kuti mufufuze. Kumbukiraninso kuti wodwala amene akumwa panado maola asanu ndi limodzi alionse angathe kukhala ndi mafinya m'mimba thupi lake lili lozizira bwinobwino, makamaka okalamba ndi amene chitetezo chawo cha m'thupi chatsika.

Chifukwa chimene ndikulimbikira za m'wodi, ngakhale ntchito yanga ndi ya m'fiyeta, ndi zimene anapeza pa African Surgical Outcomes Study, kafukufuku amene anatsogolera Bruce Biccard wa ku Cape Town n'kusindikizidwa mu 2018. Anatsatira odwala 11,422 m'zipatala 247 za m'maiko 25 a mu Africa. Odwala 18 pa 100 alionse anapeza vuto, awiri pa 100 alionse anamwalira, ndipo mwa omwalirawo 94 pa 100 alionse sanamwalire pa tsiku la opaleshoni koma m'masiku otsatira. Odwalawo anali ocheperapo zaka ndiponso opanda matenda ambiri okhalitsa poyerekeza ndi a m'maiko olemera, ndipo mavuto sanawagwere mochuluka kuposa kwina, komabe imfa zinali pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ofufuzawo analoza chala pa kulephera kuona msanga ndi kupulumutsa munthu amene vuto lamuyamba kale. Ndiye m'kaundula wanu muziwerenganso kuti mwa odwala amene anapeza vuto lalikulu, ndi angati amene anatuluka amoyo.

Namwino wa ku Chibavi

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu Mayi a ku Mchengautuwa, chifukwa nkhani yanu yandionetsa dzenje limene linali m'kaundula wanga. Usiku wathawu ndajambulanso mizere: dzina la opaleshoni ndi tsiku lake, ngati inali ya mwadzidzidzi kapena yokonzekera, dzina la vuto, tsiku la chizindikiro choyamba patchati, tsiku limene vutolo linatchulidwa dzina, gawo la Clavien-Dindo, chimene chinasowa, ndi mmene wodwala analili pa tsiku la 30. Bambo wa thumba la chimbudzi ndamuchotsa, ndipo ndapempha kuti abale ake akumane ndi dokotala Lachiwiri. Mayi wa matumbo ochedwa kudzuka ndamusiya m'kaundulamo, popeza pa tsiku lachinayi ankasanza ndiponso mimba inali yotupa.

Mzere womalizawo ndi umene ukundivuta. Odwala athu ambiri amachokera kutali, ena ku Chitipa, ku Karonga, kumapiri a ku Rumphi, ngakhale ku Likoma, ndipo bala likayamba kuchucha amapita ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo, ife osamva kanthu. Ndikuganiza zomalemba nambala ya foni ya gadiyani pa tsiku lotuluka, mwini wake akavomera, n'kumaimba pa tsiku la 14 ndi la 30, komanso kulemba ndi zilembo zikuluzikulu m'buku la kuchipatala la wodwala tsiku la opaleshoni ndi zimene zinachitidwa m'mimba, kuti aliyense womuona kumeneko adziwe kuti ali pa tsiku lachingati. Ngati pali wina amene anayesapo kufunsa za bala pa foni, andithandize mafunso amene gadiyani wa kumudzi angayankhe mosakayika, chifukwa mawu akuti "likuchucha" ena amanenera mafinya, ena madzi oyera, ena magazi.